Ndinalondera Mpendadzuwa wa Mkazi wa Mwini

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Nkhulambe sipalephera kupezeka munthu womenya chigubu ndi chikhatho, phu! phu! phu!, kwinaku akuyang'ana kumbali ngati si iye. Ine ndimangopalasa njinga yanga osacheuka. Koma popeza nkhaniyi aliyense akuikamba m'mene wafunira, ena mpaka kuikamo mimba imene kunalibe, ndaona kuti bola ndiinene ndekha mwini wake. Ngati n'kundiseka, mundiseke ndi zoona.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Chiradzulu, kuno ndinadzakwatira. Amene munakhalapo pachikamwini mukudziwa kuti nthaka imene umapondayo si yako, ngakhale mthunzi wa mtengo wa mango umakhala wobwereka. Wogawa malo pabanja la mkazi wanga ndi atsibweni ake, a Namakhwa, mwini mbumba, amene amakhala ku Migowi ndipo amabwera ndi njinga kawiri kapena katatu pachaka kudzaona ngati tonse tikadali ndi ulemu. Iwowa ndi amene anatipatsa kamunda kathu. Ndikuti kamunda, osati munda. Ukaima pakati n'kuyetsemula, malovu amakagwera m'munda wa eni.

Koma kunali dimba. Linali la malemu agogo a mkazi wanga, m'mbali mwa mtsinje, nthaka yakuda yosauma ngakhale m'chilimwe. Amene angalipeze ndiye kuti waiwala zogula ndiwo, ndipo ana ake aziyenda atavala nsapato. Olilimbirana tinali awiri: ine ndi Lufeyo, mkamwini mnzanga amene anakwatira mng'ono wa mkazi wanga. Lufeyo ndi munthu uja amagwada popereka moni ngakhale kwa mbuzi ya apongozi. A Namakhwa ankangoti, “Tiona, tiona,” ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti akutiyeza.

Chaka choyamba cha nkhaniyi apongozi anga aakazi anatumiza mawu kudzera mwa mwana wawo kuti pakamunda paja tidzalepo mapira, akufuna chimera cha thobwa. Ndinadzala monyinyirika. Anzathu onse otizungulira anali ndi chimanga, nandolo ndi chinangwa. Anthu atakolola chimanga, mapira anga ndi amene anatsala okha atakhwima mbali yonse imeneyo. Abale anga, njiwa zinabwera! Zinkatera m'mawa, n'kuteranso dzuwa litapendeka, mpaka mapesi kuwerama. Ndinatenga neti yakale ya udzudzu (inali yobooka kale, a zaumoyo musandikwiyire), n'kuimanga pa nsungwi zinayi, kuitchinjiriza ndi kamtengo, kuwaza misere pansi pake, ine n'kubisala m'chisakasa ndi chingwe m'manja. Poti munda unali waung'ono, njiwa iliyonse yotera inkatera pafupi ndi neti, inalibe kwina. Ndikakoka chingwe, zisanu. Ndikakokanso madzulo, zisanu ndi ziwiri. Mkazi wanga zala zinachita kutupa n'kusosola.

Sabata imeneyo n'kuti a Namakhwa abwera. Tinawawambira njiwa, kuzithira mchere ndi tsabola. Mkuluyo anadya mpaka mafupa, akuphwanya timitu ngati mtedza. Atasamba m'manja anandiyang'ana n'kunena kuti, “Akamwini, muli ndi dzanja. Chaka chamawa nyengo ngati ino ndidzabwera kudzamaliza za dimba lija. Mudzandisungire zina.”

Iwo anangonena zimenezo. Koma khutu langa linamva kuti, “Dimba ndi lanu.” Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyenda chotambalala. Anthu akandifunsa chinsinsi chake, m'malo monena zoona kuti njiwazo zinalibe kwina kodya, ndinkati ndi luso lakumtundu, bambo anga ankaziitana ndi mluzu (bambo anga anali telala, njiwa ankaidziwa ili m'mbale). Lufeyo atandifunsa kuti ndimuphunzitse, ndinamusisita paphewa n'kumuuza kuti zinazi munthu amabadwa nazo.

Chaka chachiwiri ndinadzalanso mapira, tsopano osatumidwa. Koma kuseri kwa malire anga kuli munda wa a Esitere, mayi amene amuna awo anapita ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndipo amangomveka pafoni. Munda wawo ndi waukulu, umayambira pa ine mpaka kukagunda m'tsinde mwa phiri. Zaka zonse ankadzalamo chimanga. Chaka chimenecho, sindikudziwa amene anawanyenga, anadzalamo mpendadzuwa wokhawokha. Utachita maluwa ndinkausirira, mpaka ndinawauza kuti, “Mayi, mwakongoletsa mudzi.” Sindinadziwe kuti ndikuyamikira mdani wanga.

Mpendadzuwa unakhwima sabata imodzi ndi mapira anga. Ndinatchera neti yanga, kulowa m'chisakasa, chingwe m'manja. Njiwa zinabwera ndithu, zambiri kuposa chaka chatha. Koma zinkangondidutsa pamwamba ngati minibasi yodzaza, n'kukatera kwa a Esitere. Ndinakhala m'mawa wonse miyendo itachita dzanzi, osakoka chingwe ngakhale kamodzi. Ndinaonjezera nyambo: misere, gaga, mpaka ndinaba mtedza wa mbewu umene mkazi wanga anabisa m'chitini cha mkaka. Zinabwera nkhuku za apongozi, zinadya, n'kubwerera kwawo zikuyamika.

Ndinati chabwino, ngati nyama yasamuka, mlenje amasamuka nayo. Ndinapita kwa a Esitere kukapempha kuti nditchere m'munda mwawo. Anavomera msangamsanga. “Zigwireni zonse bambo, zikundimalizira mbewu.” Koma munda waukulu ndi wachinyengo. Ndikatchera kum'mawa, zimatera kumadzulo. Ndikasenza neti kupita kumadzulo, ndimapeza zabwerera pamene ndinali paja, zikudya misere imene ndawaza ndekha. Ndipo njiwa yokhala pakati pa mpendadzuwa wochuluka chonchija ingalowe pansi pa neti kufuna chiyani? Masiku atatu ndinazungulira m'mundamo ndi neti kumutu ngati wamisala wosamuka. Chimene ndinagwira ndi chitosi chimodzi paphewa.

Tsiku lachinayi, ndili chikhalire pachulu, nzeru inandifikira. Ndinachita kudzimenya pantchafu. Ndinati, njiwazi zikukana mapira anga chifukwa kuno zikudya mwamtendere. Nditazisowetsa mtendere kuno, zidzapita kuti? Munda wapafupi ndi wanga! Zikakatera kumeneko zikapeza misampha ikuzidikira. Ndinaona kuti mutu ngati wangawu ukungowonongeka pachikamwini.

Madzulo omwewo ndinapota makhwekhwe ndi ulusi wa thumba la feteleza, timisampha tokola mwendo tija, n'kuwatchera pakamunda kanga konse kuti azigwira ntchito ine kulibe. M'mawa mwake ndinalowa m'munda wa a Esitere ndi nkhwangwa. Ndinamanga nsanja pakati penipeni, yaitali bwino, ya mitengo ya bulugamu. Kuchokera pansanjapo ndinakoka zingwe kupita kungodya zonse, n'kumangirira zitini zokhala ndi timiyala. Ndinatenganso chigubu chathu chotungira madzi kuti ndizimenya. Mwini munda atabwera anagwira pakamwa.

“Bambo inu, zonsezi? Nanga ine ndikuthokozani ndi chiyani?”

“Aa, palibe mayi. N'kuthandizana basi.”

Cholinga changa chenicheni sindinauze munthu aliyense, ngakhale mkazi wanga. Ndinkaopa kuti akauza mng'ono wake, mng'ono wake auza Lufeyo, ndipo Lufeyo akagwira njiwa zanga n'kukagwada nazo kwa a Namakhwa. Mkazi wanga anangondifunsa kamodzi, akupeta nandolo, osandiyang'ana.

“Bambo a Tadala, nkhokwe ya amayi yapendekeka chaka chachiwiri tsopano. Inu mwakamanga nsanja kwa a Esitere?”

“Udzaona wekha zotsatira zake.”

“Anthu aziti chiyani?”

“Anthu aziti chimene akufuna. Ine ndikudziwa chimene ndikuchita.”

Apa ndi pamene ndinaponda pamoto, koma sindinamve kutentha. Kuno kwathu (ndikuti kwathu, ngakhale kwathu kuli ku Chiradzulu) mwamuna sagwira ntchito yaulere m'munda wa mkazi popanda chifukwa. Ganyu amadziwika, umagwira n'kulandira chako. Koma kumanga, kulondera, kulawirira m'mamawa, osalandira kanthu, imeneyo ndi ntchito ya mtundu umodzi wokha wa munthu: mkamwini. Ine ndemwe ndinapeza mkazi wanga polimira amayi ake mizere ya chinangwa mpaka manja kuchita matuza. Ndinkazidziwa bwinobwino zimenezi. Koma mutu wanga unali utadzaza njiwa, malo oikamo nzeru ina munalibe.

Ndinayamba ntchito. Dzuwa likamatuluka ndili kale pansanja. Njiwa zikatera, ndimakoka zingwe, zitini wee-wee-wee, chigubu phu! phu!, ine kukuwa, “Haaa! Chokaa! Pitani uko!” uku ndikuloza kumunda kwanga ngati wapolisi wapamsewu. Njiwazo zinkadzukadi. Koma njiwa ili ndi mapiko a ulendo. Zikadzuka zinkakwera m'mwamba, kudutsa kamunda kanga osakaona n'komwe, kuwoloka mtsinje, n'kukatera kutsidya kumene anthu ena anadzalanso mpendadzuwa. (Ndinali ndisanaganizeko kuti dziko lili ndi minda ina kupatula iwiri imeneyi.) Ndikangokhala pansi kuti ndipume, izo zabwerera.

Zimene zinamvera malangizo anga ndi mpheta. Timbalame tating'ono tija sitikonda kuuluka patali. Ndikamenya chigubu, tinkangodumpha malire n'kukhuthukira m'mapira anga, chigulu chonse. Ndinkationa ndithu ndili pansanja. Koma ndinkadziuza kuti palibe vuto, mpheta zikachuluka njiwa zidzaona kuti kumeneko kuli phwando, zidzatsatira. Munthu akafuna kudzinamiza safuna womuthandiza.

Tsiku lachitatu la ulondawo a Esitere, poona kuti munthu akuwafera padzuwa, anayamba kundibweretsera chakudya. Poyamba linali thobwa m'botolo. Kenako chinangwa chophika. Kenako kalongonda wokazingira tomato, m'mbale yovundikira ndi inzake, atamanga pakansalu koyera, akuyenda nayo pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu. Ndipo ine ndinkadya. Ndikuvomera pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu kuti ndinkadya mpaka kupukuta mbale ndi chala, chifukwa mayi amene uja kalongonda amamudziwa kuphika.

Kunyumba zinthu zinayamba kuzizira. Ndikafika madzulo mawu atasasa, ndinkapeza chigwada chopanda nsinjiro. Ndikadandaula, mkazi wanga ankangoti, “Simunakhute kumene mwachokerako?” Ine n'kumayankha mosaganiza kuti, “Zinali zamasana zimenezo.” Amayi a pamjigo ndikamadutsa ankasiya kupopa. Lufeyo anakumana nane panjira, n'kugwada monga mwa chizolowezi chake, amvekere, “Mwaswera bwanji akamwini a midzi iwiri?” Ndinaseka nawo, ndimayesa akunena za Chiradzulu.

Ndinalondera masiku khumi ndi limodzi. A Namakhwa anali atatumiza uthenga kuti abwera kumapeto a mwezi, ndiye ndinkaona kuti nthawi ilipo. Koma wina anawaimbira foni (sindinena dzina, koma amagwada), ndipo anafika Loweruka m'mawa, sabata yathunthu nthawi isanakwane. Atafunsa kuti mkamwini ali kuti, mkazi wanga anangoti, “Tiyeni mukamuone nokha, atsibweni.”

Anayamba adutsa pakamunda kanga. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake. Ngala za mapira zinali zitayera mbee, mpheta zitakungudza zonse, osatsala ngakhale za chimera cha kapu imodzi. Makhwekhwe anga onse anali chitcherere, kupatula limodzi limene linakola nkhuku ya apongozi, yaikazi yoikira mazira, imene anakhala akuifuna kuyambira dzulo lake. Inali moyo, koma itatukwana mpaka mawu kutha.

Ine nthawi imeneyo ndinali pansanja, malaya nditavula n'kumanga kumutu, ndikumenya chigubu motsatira kanyimbo kamene ndinapeka ndekha kotukwana njiwa ndi azimayi awo. Pansi panali a Esitere ndi mbale yawo yovundikira, akukuwa kuti ndimve: “Tsikani mudye kaye bambo, mwatopa! Lero ndaikamo ndi usipa!”

Nditayang'ana kuti ndiwayankhe, ndinaona anthu anayi ataima pamzere pakati pa mpendadzuwa. Kutsogolo a Namakhwa ndi chipewa chawo. Pambuyo pawo mkazi wanga atapinda manja. Kenako apongozi anga aakazi, nkhuku ili kukhwapa. Kumapeto Lufeyo, akukankha njinga ya atsibweni ngati wanyamula Baibulo.

Munthu sumaonekera kwa apongozi uli chifuwa pamtunda. Ndinati nditsike msanga ndivale. Mwendo unakola chingwe, chingwe chinakoka chinzake, ndipo ndinatsika ndi mutu, zitini za munda wonse zikulira nthawi imodzi. Njiwa zonse za m'mundamo zinadzuka, mazanamazana, n'kutidutsa pamutu kulowera kutsidya. A Namakhwa anaziyang'ana mpaka zinazimiririka, kenako n'kutsitsa maso pa ine ndili gone m'fumbi.

“Mosheliwa, akamwini?”

Mkuluyo akakupatsa moni wa m'mawa m'Chilomwe, dziwa kuti zako zada. Ndinadzuka, kugwada, n'kuyamba kufotokoza. Ndinafotokoza zonse: za munda waung'ono ndi waukulu, za njiwa kusowa mtendere, za makhwekhwe. Ndinajambula ndi pansi pomwe ndi kamtengo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

“Ndamva. Ndiye njiwa mwagwira zingati?”

“Pakadali pano, atsibweni, zikadali m'njira.”

“Mapira a apongozi anu?”

Nkhuku ndi imene inayankha.

Anatembenukira kwa a Esitere. “Nanga inu mayi, mpendadzuwa wanu uli bwanji?”

“Ii, sunakhalepo wabwino chonchi, bambo. Bambowa ndi olimbika.”

Mkazi wanga anatulutsa kamawu kena kapakhosi kamene sindinakamvepo chikwatirane. A Esitere apo ndi pamene anazindikira chimene anthuwa abwerera. Anaika mbale pansi, n'kuwomba m'manja.

“Amake Tadala, pepani, musandiganizire zoipa. Ine ndili pabanja. Amuna anuwa sanandigwirepo ngakhale chala. Kundiyang'ana kumene sandiyang'ana. Ndikabwera ndi chakudya amangodya maso ali kumwamba, nkhani yake njiwa, njiwa, njiwa. Tsiku lina ndinavala chitenje chatsopano, iwo anandiuza kuti ndichoke pamenepo ndikuopseza njiwa mbali yolakwika.”

Mkazi wanga anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Atapeza mpweya anati, “Atsibweni, masiku onsewa sindimagona, ndimati ndinakwatiwa ndi wachimasomaso. Kani ndi chitsiru chabe. Bola, bola ndithu.” Sindinadziwe ngati ndithokoze kapena ndilire, koma ndikunena zoona, mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndi pamenepo pamene ndinazindikira kuti ndikanatha kutaya zoposa dimba.

Za dimbazo sizinatenge nthawi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kunyumba, ine nditavala malaya tsopano. A Namakhwa anati, “Akamwini, mlandu wa chigololo mulibe, tonse taona. Koma tinakupatsani munda woti mwana angaulondere ali pamsana pa amake, inu mwaudyetsa mpheta muli pomwepo, mukuimba. Dimba limafuna munthu woyang'ana pansi. Inu maso anu ali kumwamba.” Analipereka kwa Lufeyo. Lufeyo anagwada mpaka chipumi kugunda pansi, ndipo ndikukhulupirira kuti ankabisa mano. Ine chimene ndinapatsidwa ndi lamulo lokonza nkhokwe ya apongozi isanathe sabata. Masana ake alendo anadya nkhuku ija, chifukwa mwendo wake unali utathyoka, ndipo ine anandipatsa khosi.

Zinandiwawa, ndisaname. Zimandiwawabe m'mawa uliwonse Lufeyo akamadutsa pakhomo panga ndi dengu la tomato panjinga, n'kuimika kuti apereke moni. Mkazi wanga amakapempha mpiru kwa mng'ono wake, ndipo pobwera nawo amauika patsogolo panga osanena kanthu.

Ngati mukufuna phunziro, nali: njiwa ilibe chibale. Imabwera kwa iwe pokhapokha kwina kulibe, ndipo kamunda kakang'ono kamagwira bwino kakakhala kokha. Zimenezi ndinazimvetsa ndithu. N'chifukwa chake dzana ndinapita kwa Lufeyo mwakachetechete kukamupempha kangodya ka dimbalo, mizere isanu yokha, kuti ndidzalepo mapira ochedwa, oti adzakhwime mpendadzuwa wa dziko lonse utakololedwa. Pamenepo zidzalowera kuti? Mkazi wanga sindinamuuze, angandisokoneze. Lufeyo wavomera ndi mtima umodzi, wangoti ndiyambe ndamumangira mpanda kuzungulira dimba lonse, poti mbuzi zikumuvutitsa. Mitengo ndinayamba kudula dzulo.